Kanyumba kakumbuyo ku Chilenje: bedi, bafa ndi pophikira m'mamita 6 kwa 4

Lazaro Tembo: Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndapatsidwa ntchito ku Chilenje South muno mu Lusaka yokonza kanyumba kakumbuyo, kale kankagona wantchito. Kunja ndi mamita 6 kwa 4, mabuloko a 6 inchi, denga la malata. Eni ake akufuna kuti amayi awo ochokera ku Katete azikhalamo. Akufuna chipinda chogona, pokhala, pophikira, shawa ndi chimbudzi chamkati. Agula kale bedi ya double ndi sofa ya anthu atatu. Ndajambula kanayi konse, sizikulowa.

A Banda a ku Matero: Iwe Lazaro, 6 kwa 4 wayeza kunja. Chotsa khoma ndi pulasitala mbali zonse, ukhala ndi 5.64 kwa 3.64. Ndi malo amenewo oti uganizire. Funso langa loyamba si bedi ayi. Manhole, dzenje lija lolumikizira mapayipi a chimbudzi, ili kuti, ndipo ndi yakuya bwanji?

Lazaro Tembo: Ili chakum'mawa, mamita 8 kuchokera pakona. Sindinaitsegule bambo.

A Banda a ku Matero: Katsegule mawa m'mawa usanajambule kachisanu. Payipi ya chimbudzi ya mamilimita 110 imafuna kutsetsereka 1 pa 40, ndiye pa mamita 8 uyenera kutsika masentimita 20. Chimbudzi ukachiika kumadzulo, payipi italika mpaka mamita 14, kutsika kwake 35, mwina manhole ikana. Ndipo Lusaka muno ukakumba pang'ono umakumana ndi mwala. Ine ndinaswa mwala masiku atatu ku Chawama chifukwa mwininyumba anafuna chimbudzi komwe mtima wake unafuna, ndalama ya ntchito yonse inathera pa anyamata a nyundo.

Amayi Mwanza: A Banda anena zoona. Zamadzi zonse zikhale mbali imodzi, kum'mawako. Bafa ikhale pakona, 1.2 kwa 2.1, khoma la 4 inchi. Pambali pake patsala kampata ka 1.2 kwa 1.4, pamenepo ikani sinki ndi kashelefu, zitsamire khoma la bafa kuti mapayipi akhale amodzi. Koma a Tembo, chitseko cha bafa chisayang'ane pophikira. Gogo wa ku Katete sangavomere kuumba nsima akuona chimbudzi, ndipo ine sindingamunene.

Chisomo: Ine ndingati musamange khoma la kuchipinda. Pangani wadiropu yaitali ikhale ngati khoma. Ndinaona pa Facebook zikuoneka bwino kwambiri.

A Zulu a ku Kalingalinga: Chisomo mwana wanga, chithunzi sichikuuza kuya kwa wadiropu. Tiwerenge. Ukachotsa bafa, kutalika kwatsala 4.3. Bedi ya double ndi masentimita 137 kwa 188, kuwonjezera podutsa 65, ndi mamita 2. Wadiropu yopachika zovala imafuna 60. Pokhala patsala 1.7. Ikamo sofa yokuya 90, munthu akakhala maondo agunda khoma. Ine ndikanaika wadiropu kumiyendo kwa bedi, chifukwa m'lifupi muli 3.64, bedi yatenga 1.88, wadiropu 60, podutsa patsala kupitirira mita. Pogawa chipinda ikani kafelemu ka paini ndi plywood, masentimita 5 basi, kalekeze pansi pa siling'i kuti mpweya uziyenda. Pokhala pakhala 2.2 kwa 3.64, munthu apuma.

Chisomo: Ndamva bambo. Nanga zitseko za wadiropu?

A Zulu a ku Kalingalinga: Zokankhira m'mbali, kapena katani. Matabwa a mukwa ndi okongola koma apa n'kutaya ndalama, paini wa ku Buseko akwana, bola usankhe wouma. Wauwisi amapindika ikangofika October.

Amayi Mwanza: Ine nkhani yanga ili pa gogoyo, chifukwa nonse mukuyeza mipando osati munthu. Afunseni eni ake ngati amayi awo amayenda bwino. Ngati maondo amavuta, shawa isakhale ndi chidutswa cholumpha, pansi patsetsereke kupita ku dzenje la madzi, matailosi akhale okhakhala. Chitseko cha bafa chizitsegukira kunja. Munthu wamkulu akagwa mkati amatsamira chitseko, inu kunja mukukankha osatheka. Ndinaziona kwa azakhali anga, mpaka tinachita kuchotsa mahinji. Komanso bedi ya double ya chiyani kwa munthu mmodzi? Ya three-quarter ndi 107, mupulumutsa masentimita 30. Zidzukulu zikabwera zigona pamphasa monga kumudzi.

Chinanso, palibe amene watchula thumba la unga la 25 kg ndi zigubu za madzi. Madzi akapita amasunga kuti? Pansi pa sinki musatseke ndi makabati ang'onoang'ono, siyani mpata wa ndowa ziwiri ndi thumba, pansi mukweze ndi thabwa kuti unga usatenge chinyontho.

A Banda a ku Matero: Ndipo malaiti. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa kwambiri m'damu la Kariba, magetsi akubwera maola ochepa patsiku. Gogo adzayatsa mbaula, mufune musafune. M'kanyumba kotero kotseka mawindo mu June, utsi wamakala umapha munthu ali m'tulo. Mumangire kakhonde ka mita imodzi ndi theka pakhomo, kokhala ndi denga, aziphikira pamenepo. Ma air vent akale aja musawatseke ndi simenti.

Lazaro Tembo: Khomo lili kumpoto, windo limodzi lili kumadzulo.

A Zulu a ku Kalingalinga: Kumpoto ndi mwayi wako, gogo aziothera dzuwa pakhonde nthawi yozizira. La kumadzulo likhale laling'ono, dzuwa lamadzulo limawotcha chipinda. Boola lina kummwera ngati mpanda suli pafupi. Koma poti ukuboola khoma ndi kulumikiza ku sewer, eni ake apite ndi pulani ku Civic Centre, ku maofesi a khonsolo ya mzinda, asadzati mmisiri ndiye sanatiuze. Usanagule buloko ngakhale imodzi, jambula zonse pansi ndi choko, uwaitane amayi a nyumba ayende okha m'mizeremo.

Lazaro Tembo: Akuluakulu, ndabwera ndi lipoti. Manhole ndi yakuya masentimita 60, kum'mawa payipi ifika bwino, kumadzulo ikanavuta monga a Banda ananenera. Choko chagwira ntchito. Amayi a nyumba anayenda m'mizere, atafika pa sofa anaima, anaseka okha, akuti ipita kunyumba yaikulu. Tiika mipando iwiri ndi katebulo. Bedi ya double akana kusintha, akuti inagulidwa kale. Gogo ndinayankhula nawo pafoni, za bafa avomera zonse, koma afunsa ngati pakhonde padzakhala malo oika mtondo wawo.

A Zulu a ku Kalingalinga: Talikitsa khonde ndi theka la mita, ndipo silabu ya pamenepo ithiridwe yokhuthala. Musi umaswa simenti yopyapyala.