Kodi nthano ya phiri la Paektu idalowa bwanji m'mbiri ya banja la Kim?

Nabanda25:

Akuluakulu, ndikupempha amene amaidziwa bwino mbiri ya North Korea kuti andiunikire. Banja la Kim lalamulira dzikolo kuyambira mu 1948, kuchokera kwa Kim Il Sung, kupita kwa mwana wake Kim Jong Il, mpaka kwa mdzukulu Kim Jong Un. Ana a sukulu kumeneko amaphunzitsidwa kuti Kim Jong Il adabadwira m'kanyumba ka mitengo pa phiri la Paektu pa 16 February 1942, ndipo kuti tsikulo kudaoneka mautawaleza awiri ndi nyenyezi yatsopano, chonsecho zolemba za Soviet Union zimasonyeza kuti adabadwa mu 1941 kufupi ndi mzinda wa Khabarovsk, ndipo ali wamng'ono ankatchedwa Yuri. Chimene chikundizunguza mutu n'chakuti boma lodzitcha lachikomyunizimu, lomwe limayenera kudana ndi ufumu wosiyirana m'banja, lidavutikiranji kusamutsa malo amene mwana adabadwira?

Mbewe_wa_Mbiri:

Mayi Nabanda, yankho lili pa bambo wa mwanayo osati pa mwana. Kim Il Sung adamenyanadi ndi atsamunda a ku Japan, ndipo zimenezi si zopeka. M'zaka za m'ma 1930 ankatsogolera kagulu ka asilikali obisala m'tchire ku Manchuria, dera la China lochita malire ndi Korea, pansi pa gulu lankhondo lomwe linkayendetsedwa ndi chipani cha chikomyunizimu cha ku China. Pa 4 June 1937 kaguluko kadawoloka malire kulowa mu Korea n'kuukira tauni yaing'ono ya Pochonbo, kadawombera polisi, kadatentha maofesi angapo, kenako kadabwerera kutchire. Nyuzipepala za ku Korea zidalemba nkhaniyo ndipo dzina lake lidamveka. Koma pofika kumapeto kwa 1940, asilikali a Japan adali atawapanikiza kwambiri moti iye adathawira ku Soviet Union, komwe adadzakhala kaputeni m'gulu la asilikali la nambala 88. Adabwerera kwawo mu September 1945 pa sitima ya pamadzi ya Asovieti yomwe idakocheza ku Wonsan, dziko la Japan litagonja kale.

Zaka zisanu zimenezi ndizo mbiri ya boma siifuna, chifukwa iyo imati mtsogoleriyo ankamenya nkhondo kuchokera pa Paektu ndipo ndiye adamasula Korea. Tsono mwana wobadwira kufupi ndi Khabarovsk ndi mboni yoyenda yakuti bambo ake sadali kunkhondo. Kumusamutsira kuphiri kudabisa zaka zija, komanso kudamupatsa mwanayo ulemu woti adabadwira pakati pa mfuti. Ngakhale chaka cha 1942 chimaoneka chosankhidwa mosamala, popeza chimatalikirana ndi 1912, chaka chobadwa bambo ake, ndi zaka 30 ndendende.

Phirinalo silidangotoledwa. Paektu ndilo lalitali koposa m'dera lonse la Korea, mamita 2,744, lili ndi nyanja pamwamba pake, ndipo anthu a kumpoto ndi kummwera komwe amalilumikiza ndi nthano ya Dangun, kholo lomwe akuti lidayambitsa ufumu woyamba mu 2333 Yesu asanabadwe. Banja la Kim lidangomanga nyumba yake pa maziko a nthano yomwe anthu ankailemekeza kale. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 boma lidalengeza kuti lapeza mitengo yosendedwa makungwa pomwe asilikali akale adalembapo mawu otamanda kubadwa kwa mwanayo, nsonga ina ya phiri idapatsidwa dzina la Jong Il, ndipo mu 1993 lidatinso lapeza manda a Dangun weniweniyo kufupi ndi Pyongyang.

Nangozo_BT:

Ndikugwirizana nanu a Mbewe, koma mwakhalitsa pa zimene nthanoyo idawonjezera, pomwe ine ndimaona kuti mphamvu yake yaikulu ili pa anthu amene idawafufuta. Mayi ake a Kim Il Sung, a Kang Pan Sok, adali Mkhristu wa mpingo wa Presbyterian, koma amakumbukiridwa ngati mayi wa nkhondo yomenyera ufulu basi. Agogo a bambo ake a Kim Il Sung, Kim Ung U, omwe adali mlimi wamba, adakwezedwa kukhala mtsogoleri wa anthu amene adatentha sitima ya ku America yotchedwa General Sherman pa mtsinje wa Taedong mu 1866, n'cholinga choti udani ndi America uoneke ngati chuma chamasiye cha banjali.

Kenako taonani ana a nyumba ina. Kim Jong Suk, mayi wa Kim Jong Il, adamwalira mu 1949 ndipo lero amawerengedwa pakati pa akuluakulu a nkhondo atatu a Paektu, pamodzi ndi mwamuna wake ndi mwana wake. Mkazi wachiwiri wa Kim Il Sung, Kim Song Ae, ndi ana ake adatchedwa nthambi zam'mbali, ndipo mwana wake Kim Pyong Il adatumizidwa ku ukazembe m'maiko a ku Ulaya, monga Hungary, Finland, Poland ndi Czech Republic, komwe adakhala zaka pafupifupi 40 mpaka 2019. Mayi ake a Kim Jong Un, a Ko Yong Hui, adabadwira ku Osaka, ku dziko la atsamunda aja, ndipo n'chifukwa chake dzina lawo silitchulidwa pagulu. Ife amene ufumu wathu umatsata bere la mayi tikhoza kumvetsa kukula kwa chinsinsi chimenechi. Nthano ikanena kuti ulamuliro uli m'magazi, aliyense wa magaziwo amasanduka woopsa, ndipo Kim Jong Nam, mkulu wake wa mtsogoleri wa lero kwa mayi wina, adaphedwa ndi poizoni wa VX pa bwalo la ndege la Kuala Lumpur mu February 2017.

Nabanda25:

Zikomo nonse awiri, mwandimasulira. Komabe funso limodzi landitsalira: kodi munthu wamkulu wanzeru zake amakhulupiriradi za mautawaleza ndi mitengo yolembedwa, kapena amangovomera kuti apulumutse khosi?

Phiri_ku_Harare:

Mayi, ine ndikuganiza kuti boma lotere silisowa kuti munthu akhulupirire mumtima, limangofuna kuti asakhale ndi mawu ena ofotokozera moyo wake. Chitsanzo chake ndi njala yoopsa ya m'zaka za m'ma 1990, yomwe idapha anthu miyandamiyanda. Boma silidaitche njala, lidaitcha ulendo wowawa, dzina la ulendo womwe akuti Kim Il Sung ndi asilikali ake adayenda m'chisanu cha 1938 mpaka 1939. Motero mayi amene adaika mwana wake m'manda adauzidwa kuti akuyenda m'mapazi a mtsogoleri, ndipo kudandaula kukadakhala kunyoza makolo a dziko. Zithunzi za atsogoleri awiri oyamba zopachikidwa m'nyumba iliyonse, kabaji ka pachifuwa, ndi matupi awo osungidwa ku nyumba yachifumu ya Kumsusan ku Pyongyang zimagwira ntchito yomweyo tsiku ndi tsiku. Luso lawo losema mbiri pa mkuwa ndi pa mwala timaliona ngakhale kuno ku Harare, pakuti manda a ngwazi a Heroes Acre adamangidwa mothandizidwa ndi amisiri a ku North Korea.

Chimene ndingawonjezere pa mawu a Mbewe n'chakuti nthanoyi ikulembedwabe, ndipo wolamulira aliyense amaidula kuti imukwane. Kim Jong Un adayamba ndi kutengera kametedwe ndi kavalidwe ka agogo ake, ndipo mu October 2019 adajambulitsa atakwera kavalo woyera pa Paektu. Chaka chomwecho adauza ofalitsa nkhani za chipani kuti kumusandutsa mtsogoleri munthu wa zozizwitsa kumabisa choonadi, ndipo mu October 2024 nyuzipepala za boma zidasiya kalendala ya Juche, yomwe kuyambira 1997 inkawerenga zaka kuchokera pa kubadwa kwa agogo akewo. Mwana wamkazi wa Kim Jong Un adaonekera koyamba mu November 2022 atagwirana dzanja ndi bambo ake pafupi ndi mzinga waukulu, ndipo pa perete wa asilikali wa February 2023 wailesi ya kanema ya boma idaonetsa kavalo woyera n'kunena kuti ndi amene mtsikanayo amamukonda koposa.