Fit ya pa car sale ya ku Seke Road: ndigule kapena ndisiye?

Bambo a Tadala: Moni nonse abale anga. Ndikufuna nzeru zanu. Ndaona Honda Fit ya haibridi, ya 2014, pa car sale ina (malo ogulitsira magalimoto) ku Seke Road kuno ku Harare. Akufuna $7,200 koma akuti ndikabwera ndi ndalama m'manja atsika mpaka $6,800. Makilomita ikuonetsa 68,000, ndipo akuti yangofika kumene kuchokera ku Japan. Cholinga n'chakuti m'mawa ndizikasiya ana kusukulu ku Highfield, masana ndizigwira nayo inDrive, ntchito ya takisi yoitanitsa pa foni. Chandidetsa nkhawa ndi pepala la mgwirizano. Pali mawu akuti voetstoots, ndipo mnyamata wogulitsayo wanena yekha kuti ikangotuluka pageti zonse zili kwa ine. Ndalamazi tasonkha zaka zitatu ndi mayi akunyumba. Ndigule?

Mayi a Chisomo: Achimwene, imani kaye mumve zanga. Chaka chatha bambo akunyumba anagula Toyota Wish pa car sale ina m'tauni. Kunja inali yowala, mipando yoyera ngati sinakwerepo munthu. Tinayenda nayo milungu itatu yokha. Tsiku lina tikupita kumaliro ku Chitungwiza inayamba kunjanja, kenako osasunthanso. Makaniko atatsegula anapeza giyabokosi yotheratu, ndipo anati munathiridwa oyilo wolimba wongobisa phokoso. Titabwerera kumene tinagula, bwana wa pamalopo sanakwiye n'komwe. Anangotulutsa pepala limene tinasaina n'kutiloza pa dzina la wogulitsa. Silinali dzina la car sale ayi, linali la munthu wina amene sitinamuonepo. Akuti iwo anangomuimikira galimoto pabwalo pawo n'kudya komishoni. Foni ya munthuyo mpaka lero siipezeka. Galimoto ili pakhomo ku Mufakose, matayala anaphwa. Ndikaiona mtima umandiwawa. Chikomekome cha mkuyu, achimwene.

Bambo a Tadala: Pepani kwambiri achemwali. Ine dzina la wogulitsa sindinaliyang'ane n'komwe.

Che Saidi: Pepani mayi. Koma tisamuopseze mnzathuyu mpaka kutaya mwayi. Ine Probox yanga ndinagula pa car sale, chino ndi chaka chachinayi ndikunyamulira katundu pa Mbare Musika. Nanga njira ina ndi iti? Ukaitanitsa wekha ku Japan umalipira chinthu chimene wangochiona pachithunzi, n'kudikira sitima ifike ku Durban, kenako kukalimbana ndi msonkho wa ZIMRA, bungwe la misonkho, pa malire a Beitbridge. Ikafika yakufa ukadandaula kwa ndani? Bola ya pa car sale umaigwira ndi manja, injini n'kuimva ndi khutu lako. Mtengowo si woipa. Ine ndikanagula.

Malume Phiri: Mphwanga, ndakhala ndikugona pansi pa magalimoto pa Kaguvi Street kuyambira iwe usanabadwe, ndiye ndimvere. Fit ya haibridi ya 2014 ndi ija timaitcha GP5. Mafuta imamwa pang'ono, zimenezo sinditsutsa. Koma giyabokosi yake si ya mtundu wa CVT ngati ya Fit yakale ija. Ndi ya makilatchi awiri, magiya 7, ndipo a Honda eniake anaziitanitsa kangapo ku Japan mu 2013 ndi 2014 kuti akazikonze. Chimene imadana nacho ndi kuima n'kunyamuka, kuima n'kunyamuka, ndiye ntchito ya inDrive m'tauni madzulo ndi yomweyo. Kilatchi imatentha. Wogulitsa amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amakuzunguliza pabwalo mphindi zisanu injini ikadali yozizira n'kukuuza kuti waiona. Za makilomita 68,000 usazikhulupirire msanga, anyamata amabweza mita ndi laputopu. Yang'ana chiwongolero, labala wa pa buleki ndi mpando wa dalaivala, zimenezo sizinama. Tenganso nambala ya chassis ufufuze pa intaneti pepala la okushoni ya ku Japan, pamalembedwa makilomita enieni ndi ngozi ngati inachitapo.

Nabanda: Ine chandidabwitsa ndi mawu akuti yangofika kumene. Kuyambira 2021 boma linaika chiletso pa magalimoto opitirira zaka 10, kupatula anthu ochepa monga obwerera kwawo kuchokera kunja. Ya 2014 yalowa bwanji lero? Mwina inalowa kale ndipo yakhala ikuyenda mushikashika (takisi yopanda chilolezo), kapena mapepala ake ali ndi vuto. Apempheni akuonetseni chikalata cha ZIMRA muone tsiku.

Thoko: Bambo a Tadala, ndiloleni ndinenepo za voetstoots, ine ndine wamng'ono koma lamuloli ndinaliwerenga bwino. Mawuwo ndi achi Afrikaans, kutanthauza kuti mwagula chinthu mmene chililimo. Ogulitsa amawatchula ngati mankhwala otseka pakamwa, koma alibe mphamvu imene amatiopseza nayo. Ngakhale pa malamulo akale, wogulitsa amene ankadziwa chilema n'kuchibisa dala sangabisale kuseri kwa voetstoots. Ndiye mu 2019 kunabwera Consumer Protection Act. Lamuloli limati mukagula katundu kwa wamalonda n'kupezeka kuti ndi wachilema, muli ndi miyezi 6 yomubweza, ndipo akukonzereni, akusinthireni kapena akubwezereni ndalama. Zikwangwani zija za No Refund nazonso linaziletsa. Chimene simungadandaule nacho ndi chilema chimene anakuuzani poyera inu n'kuvomera, kapena zinthu zongotha ndi ukalamba monga matayala. Akakana, pali Consumer Protection Commission komanso Consumer Council of Zimbabwe, amene amaitanitsa mbali zonse ziwiri kuti mukambirane.

Koma apa ndi pamene nkhani ya Mayi a Chisomo yandikhudza. Lamuloli linapangidwira munthu amene wagula kwa wochita bizinesi. Pepala likamanena kuti munagula kwa munthu wamba, car sale imasamba m'manja n'kunena kuti inali mkhalapakati chabe, ndipo mlandu wanu umavuta kwambiri. Ndiye funso loyamba lisakhale la mtengo. Afunseni kuti pa mgwirizano ndi pa lisiti alembapo dzina la ndani.

Che Saidi: Mwana wanga, walankhula bwino. Koma lamulo lili papepala, ndalama zili m'thumba mwa wogulitsa. Munthu wodya za tsiku angathe kumayendera maofesi miyezi ingati? Akafika kukhothi galimoto yachita kale dzimbiri.

Thoko: Ndi zoona Che Saidi, sizichitika tsiku limodzi, ndipo sindikulonjeza kuti aliyense amapambana. Koma wamalonda amene dzina la kampani yake lili pa lisiti amachita mantha akalandira kalata yodandaula, chifukwa ali ndi malo oti angapezekepo mawa. Amene sanalembepo dzina lake alibe choopa.

Mayi a Chisomo: Ndi zimenezo mwana wanga. Ife tinapereka ndalama m'manja, madola owerenga patebulo, lisiti yake kapepala kolemba ndi bolopeni kopanda chidindo. Nditapita kukafunsa thandizo, chinthu choyamba chimene anandifunsa ndi umboni woti ndinalipira kampaniyo. Ndinalibe. Ngakhale mauthenga a pa WhatsApp amene mnyamata uja ankalumbira kuti giyabokosi ilibe vuto, bambo anali atawafufuta. Achimwene, chilichonse chimene akukulonjezani pakamwa auzeni achilembe.

Nabanda: Ndipo musaiwale kusintha dzina. Galimoto ipite kwa apolisi a Vehicle Theft Squad ku Southerton akaone manambala a injini ndi chassis, kenako ZIMRA ndi CVR, ofesi yolembetsa magalimoto, kuti buku lituluke m'dzina lanu. Anthu ambiri akuyenda ndi buku la mwini wakale ndi kapepala ka mgwirizano basi. Tsiku lofuna kupita kumudzi kudzera pa malire a Nyamapanda ndi pamene amazindikira kuti pamapepala galimoto si yawo.

Bambo a Tadala: Abale, ndawaimbira tsopano lino. Poyamba amazemba, koma avomera kuti galimoto ndi ya munthu wina, ndipo inalowa m'dziko muno zaka zapitazo. Ndawauza kuti ndikufuna dzina la kampani pa mgwirizano ndiponso afufute voetstoots. Akuti akafunse kaye abwana. Makaniko akuti ndibwere naye, koma aionere pabwalo pomwepo.

Che Saidi: Aa, ngati ananama za tsiku lofika ndiye nanenso ndabwerera m'mbuyo. Koma musaitaye musanaione, mwina mwini wakeyo ndi munthu woti mutha kukumana naye maso ndi maso, mtengo n'kutsika.

Malume Phiri: Pabwalo ayi, mphwanga. Lachisanu madzulo ndibwera ndi kompyuta yanga, tione batire ya haibridi ndi zimene anafufuta. Kenako tiilowetse mumpanipani wa pa Seke Road cha m'ma 5 koloko, ola lathunthu, kilatchi itenthe tiimve. Akakana kuti ituluke pageti, tikwere kombi tizibwerera. Dipoziti usapereke, ndalama zisiye kunyumba ndi apongozi anga.