Tinatseka kamsewu kathu, tsopano maneba sitikupatsana moni. Ndithandizeni nzeru

Moni nonse. Ndabisa dzina chifukwa ena mwa anthu a m'nkhaniyi ali m'gulu lomwe lino, ndipo sindikufuna kusonkhezera moto.

Ndimakhala ku Area 18 ku Lilongwe, m'nyumba ya lendi, zaka zingapo tsopano. Kamsewu kathu n'kakang'ono, phula lake linakumbika kalekale, ndipo titangofika ana ankamenya mpira wachikulunga pakati pake mpaka dzuwa kulowa. Zinthu zinasintha nthawi imene ankamanga interchange ya Area 18, ija inatha mu 2020. Madalaivala othawa mzere wa pa M1 anatulukira kuti kwathu kuno kuli njira yachidule. Tinkati ntchito ikatha abwerera kumsewu waukulu. Kenako anayamba kukuza M1 kuchokera pa Crossroads mpaka ku Kanengo, ndiye zinangonyanyira. Mwendo ukazolowera njira susiya.

Kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka cha m'ma 8 ndi maminibasi, ma Sienta, njinga zamoto za kabaza ndi magalimoto a anthu othamangira ku City Centre ndi ku Capital Hill. Madzulo chimodzimodzi. Zovala ukayanika zimafiira pachingwe pomwepo. Apongozi anga ali ndi mphumu, m'chilimwe amangokhala m'chipinda mawindo otseka.

Fumbi tikanapirira. Koma mwezi wathawu mwana wanga wa zaka 7 akupita kusukulu, minibasi ina ikupitirira inzake inakola chikwama chake n'kumugwetsera m'ngalande. Anangochubuka maondo ndi chigongono, Mulungu ndi wamkulu. Dalaivala sanaime n'komwe. Mpaka lero mwanayo akamva hutala amandigwira chitenje.

Sabata yomweyo abambo a mumsewu mwathu anakumana, ine ndinalipo. Tinagwirizana kuika migolo iwiri yothira miyala ndi simenti kumtunda kwa msewu, pakati pake chitsulo chotsekula ndi kutseka, ndipo nyumba iliyonse izisonkha K5,000 pamwezi ya mlonda. Ndinene zoona, woyamba kupereka ndalama ndinali ine. Masiku atatu oyamba tinagona tulo.

Mavuto ayamba apa. Pakona pali mayi wamasiye wa okala, amagulitsa mandasi, mayunitsi ndi zakumwa. Makasitomala ake anali a kabaza ndi okwera maminibasi omwewo. Pano mandasi amatsala m'beseni, ndipo wasiya kundiyankha moni, chonsecho ndi amene anathamanga kukatola mwana wanga m'ngalande muja. Magalimoto onse anakhotera kumsewu wakuseri, kumene kuli sukulu ya mkaka, ndipo anthu a kumeneko anabwera pageti pathu akukalipa kuti tawatayira zinyalala zathu pakhomo pawo. Usiku wina agogo ena a mumsewu mwathu momwemu anadwala mwadzidzidzi, takisi yowatengera kuchipatala cha Kamuzu Central inapeza chitsulo chili chokhoma, mlonda kulibe, mpaka inazungulira. Ana awo salankhula nafe. Lamulungu lapitali anthu anagubuduza mgolo umodzi usiku, ndipo anyamata athu akuti akagwira munthu amuonetsa zakuda.

Chimene chandiwawa kwambiri n'chakuti kumsewu wakuseriko kunagwa maliro, ife amayi a kuno tinapita ndi ufa wathu, koma kukhitchini sanatipatse ntchito iliyonse. Tinangokhala pamphasa ngati alendo.

Ndiye ndikufunsa: kodi zimene tinachitazi n'zololedwa? Ngati ayi, njira yake yeniyeni ndi iti? Ndipo kodi ndingapite bwanji kwa mayi wa okala uja? Sindikufuna maminibasi abwerere pakhomo panga, koma sindikufunanso kuti mwana wa mnzanga kuseri kuja agwe m'ngalande m'malo mwa wanga.

MAYANKHO

Bambo wina wa ku Area 47: Pepani mayi ndi za mwanayo. Koma msewu si wa anthu okhala m'mbali mwake, ndi wa aliyense. M1 ili m'manja mwa Roads Authority, timisewu ta m'malokeshoni tili m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Popanda chilolezo chawo simungatseke. Ndipo wa njinga yamoto akadzawomba mgolo umenewo usiku, mlandu udzakhala wa amene munauika. Lembani kalata, musainire nyumba zonse, mudzere kwa a block leader ndi kwa khansala wanu. Musapemphe geti, pemphani mahampu ndi zikwangwani. Kalatayo musunge kope lodindidwa.

Woyendetsa kabaza: Amayi, ine ndimadutsa njira ngati zimenezo tsiku lililonse. Sitidutsa chifukwa chakuti timakonda fumbi. Mafuta akwera, njinga ndi ya abwana, madzulo amafuna ndalama yawo yokwana. Ukaima pamzere kasitomala amatsika. Koma wa minibasi amene anagwetsa mwana n'kuthawayo ndi wolakwa, palibe chomuikira kumbuyo. Pitani pa siteji mukalankhule ndi atcheya athu. Ife atcheya akanena kuti msewu wakuti muziyenda pang'onopang'ono timamva, chifukwa wophwanya amamuimitsa pa siteji.

Mwini funso: Zikomo achimwene. Za atcheya a pa siteji sitinaziganizire n'komwe. Tinangoona ngati nonse ndinu adani athu.

Mayi wa ku Area 25: Ndiye ife tiziuluka? Nafenso tili ndi ana oti afike kusukulu nthawi yabwino. Aliyense akatseka kamsewu kake mzinda uno uyenda bwanji?

Mayi wina wa ku Chilinde: Amayi a ku 25, mukanakhala inu mwana wanu atagwera m'ngalande mukanalankhula choncho? Kuchedwa kuntchito ndi moyo wa mwana si zofanana.

Mayi wa ku Area 25: Sindinati mwana agundidwe. Ndati vuto alisuntha, sanalithetse. Iwo omwe avomera kuti magalimoto apita kusukulu ya mkaka.

M'bale wa ku Joni: Ine ndimagwira ntchito ya ulonda pa boom gate, chitsulo chotsekera msewu, kuno ku Johannesburg, ndiye ndinenepo zimene ndimaona. Madera ambiri a anthu opeza bwino kuno anatseka misewu yawo, makamaka chifukwa cha umbava. Koma samangodzuka n'kuika chitsulo. Amapempha chilolezo kukhonsolo, chimakhala cha nthawi yoikika, ikatha amakapemphanso. Munthu woyenda pansi sitiloledwa kumubweza, ndipo polowera penipeni pamakhala munthu usana ndi usiku. Ambulansi kapena apolisi akafika, chitsulo chimakwera nthawi yomweyo. Inu mwaika loko ndi mlonda mmodzi, nanga iyeyo akadwala? Nkhani ya agogo aja ndi imene yandiopsa ine. Chotsani loko lero lomwe, zinazo muzikambirana pambuyo.

Mphunzitsi wopuma: Mwanawe, ndaona kuti pamsonkhano wanu munaitana okhawo amene mumadziwa kuti avomera. Mayi wa okala analipo? A kuseri analipo? Mutu umodzi susenza denga, koma inu denga la misewu iwiri mwalisenza nokha. Itanani msonkhano wina, uchitikire kumsewu wakuseriko, osati kwanu. A block leader a mbali zonse akhalepo. Kalata yopita kukhonsolo ikhale imodzi, yopempha mahampu m'misewu yonse iwiri, chifukwa minibasi ikapeza mahampu konsekonse chidule chimatha kukoma. Ndipo musamange mahampu anokha adothi aja, otalika ngati mzere wa mbatata. Opanda penti ndi chikwangwani amagwetsa anthu usiku. Za mayi wa okala musatume munthu. Pitani nokha m'mawa, mugule mandasi, mukhale pansi, muyambe ndi kumuthokoza chifukwa cha mwana uja.

Bambo wina wa ku Kawale: Kwathu ndalama ngati ya mlondayo timalipira nayo munthu wowolotsa ana m'mawa ndi masana. Amavala chovala chowala chija, mbendera yofiira kumanja. Madalaivala amaima ndithu.

Mwini funso: Ndawerenga zonse, zikomo kwambiri. Madzulo ano ndalankhula ndi bambo a kunyumba kuno, apita kwa amene amasunga kiyi ndipo loko achotsa, chitsulo chili chotsekula. Abambo awiri akwiya, akuti tawagulitsa, mmodzi wafuna K5,000 yake. A block leader avomera kuitana msonkhano Loweruka kumsewu wakuseri. Kwa mayi wa okala ndipita mawa ndikaperekeza mwana kusukulu, ngakhale mtima ukugunda. Aphunzitsi, funso lina: kalata ya kukhonsoloyo tilembe m'Chichewa kapena m'Chingerezi, nanga ife a lendi tingasainire kapena mpaka eni nyumba?