Wadiropu ya agogo: sandipepa akumata, guluu sakugwira

WaMatabwa: Amisiri anzanga thandizeni, mutu waima. Wadiropu ya malemu agogo yagwera ine, ya zitseko ziwiri, galasi pakati, madirowa m'munsi. M'chipinda siikwana, yatalika. Ndikufuna ndiidule, ya m'munsiyo ikhale kabati ya pabalaza, ya m'mwamba ndiikemo mashelefu a mabuku. Koma sandipepa wa 80, wokhakhala uja, ndikangomukhudzitsa akutsekeka, vanishi akumata ngati ulimbo. Veneer ya m'mbali, kachikopa ka thabwa komatidwa pamwamba, yatukuka. Mwendo umodzi ukugwedera, ndathira guluu woyera, n'kupana ndi clamp usiku wonse, m'mawa ukugwederabe. Mwendo womwewo uli ndi timabowo. Ndiyambire pati? Nthawi ndilibe, ndikuchita izi ndikaweruka.

MadalaWaHamala: Musaidule, mwana wanga. Chimene chimaimika wadiropu chilili ndi thabwa la kumbuyo ndi denga lake. Mukadutsa sowo pakati, mbali ziwirizo zitsala zopanda chozimanga, ndipo madirowa ayamba kukakamira. Ikonzeni momwe ilili.

MayiWaPolishi: Achimwene, ikani kaye sandipepa pansi. Zomatazo mwina si vanishi, ndi shellac, polishi wa utomoni wosungunuka ndi sipiliti. Mipando yakale yambiri ankapaka ameneyo, ndipo akatenthedwa ndi sandipepa amafewa. Yesani pamalo obisika, monga kuseri kwa chitseko. Nyowetsani kansalu ndi sipiliti, khudzitsani pang'ono. Akafewa n'kumanata ndi shellac. Akakana, yesani thinner yosungunulira lacquer, chopaka cha mtundu wina. Zonse zikakana ndiye vanishi weniweni. Ngati ndi shellac mwapeza mwayi, amachoka ndi sipiliti yemweyo ndi steel wool wosalala, kaubweya kachitsulo kokwechera, kutsata mizere ya thabwa, mawindo ali otsegula, moto kutali. Ndipo 80 pa veneer ayi ndithu. Kachikopa kameneko n'kopyapyala, m'makona mumaboola musanazindikire. Kwathu ku shopu anabweretsa tebulo limene mwini wake anadutsapo makina a sandipepa, pakati panatuluka chigamba choyera cha thabwa la pansi. Stain, utoto wolowa m'thabwa, anakana kubisa. Mayi mwini tebulo analira, linali la bambo awo.

WaSowo: Za mwendo, guluu woyera amafuna thabwa lenileni, salowa pamwamba pa guluu wakale. Wakaleyo kawirikawiri ndi wa zikopa za nyama, wofiirira, wouma ngati timiyala. Zulani mwendo, tsukani tenon (nsonga ya mwendo yolowa m'bowo) ndi m'bowo mwake ndi madzi ofunda, palani mpaka thabwa lioneke, lisiyeni liume. Ikakhala yolobodoka matanipo kachipalo kopyapyala, osadzaza mpata ndi guluu. Veneer yotukukayo guluu wa zikopa amadzuka ndi kutentha: kansalu pamwamba, simbi yofunda pang'ono, kenako clamp ndi kathabwa kosalala, pepala pakati kuti zisamatirane. Dziwani kuti simbiyo iwononga shellac pamalopo, ndiye chitani musanapake china.

MadalaWaHamala: Zonsezi n'zoona, ndipo mukazichita wadiropu ikhala yabwino osaidula. Mwafunsa abale anu? Chinthu cha malemu chimakhala ndi eni ambiri. Lero ali chete, tsiku lomwe adzaione ili zidutswa ziwiri ndi pomwe adzakumbuke kuti ankabisalamo ali ana.

WaMatabwa: Madala, tinakambirana, palibe amene ali ndi malo. Yakhala m'chipinda cha katundu ikunyowa. Bola idulidwe tiziigwiritsa ntchito kusiyana n'kuti iwolere komweko. Mayi, sipiliti wafewetsa, ndi shellac. Nanga timabowoto?

WaSowo: Yalani pepala lakuda pansi pa mwendo, musaigwedeze masiku angapo. Mukapeza kaufa koyera katsopano, tizilombo tili moyo m'kati. Mabowo akuda opanda ufa angakhale akale. Bayani ndi msomali, ukalowa mosavuta mwendowo wafumbwa, pangani wina, mankhwala ophera tizilombo sabweza mphamvu ya thabwa. Chachikulu, musaiyandikize pa matabwa anu a ntchito. Mnzanga wina analandira bokosi lakale kuti akonze, analisiya pamulu wa matabwa, chaka chotsatira ufa unali paliponse.

Wophunzira: Pepani akuluakulu, mankhwalawo amapaka ndi burashi kapena amathira m'mabowo?

MayiWaPolishi: Zonse ziwiri, m'mabowo ndi jakisoni, koma pathabwa lopanda chopaka, apo ayi salowa. Werengani zolemba pa chitini, magolovesi muvale. Achimwene, m'kati mwa wadiropuyo muli penti? Ngati ndi wakale mutengeni ngati ali ndi mtovu. Fumbi lake ndi loipa kwambiri kwa ana ndi amayi oyembekezera. Osakwecha pouma, osawotcha, osachitira m'nyumba. Ngati sakusupuka, ingomupakani wina pamwamba.

WaMatabwa: Muli penti woyera, ndi wakale ndithu.

WaSowo: Ngati mwatsimikiza zodula, chotsani galasi ndi zitseko poyamba. Mangani timatabwa topingasa m'kati musanayambe. Lembani mzere ndi mpeni kuti veneer isang'ambike, tepi pamwamba, sowo ya mano ang'onoang'ono. Ndipo yendetsani maginito pamzere wonse. M'mipando yakale mumabisala misomali yothyoka mitu ya anthu amene anakonzapo kale. Ine ndinaona bledi yatsopano ikuthothoka mano pa msomali umodzi wa m'kabati, kachidutswa kanauluka kudutsa pafupi ndi diso la mnyamata wothandiza. Kuyambira pamenepo m'shopu mwathu palibe amayatsa makina wopanda magalasi. Denga latsopano la kabatiyo, ngati ndi thabwa lathunthu, musalimate mbali zonse, mabowo a sikuluwu akhale otalikirapo kuti lizifufuma ndi kunyala osang'aluka. Ya mashelefuyo muimangirire kukhoma, ana amakwera.

MadalaWaHamala: Mukuona ntchito yonseyo? Timatabwa topingasa, denga latsopano, kumangirira kukhoma. Zonsezo n'kubwezeretsa mphamvu imene ilipo kale. Ngati vuto ndi kutalika, zambiri chisoti chake chapamwamba chimazuka, ndipo mwendo mukupanga wina kale, fupikitsani yonse inayi. Ikani mashelefu m'kati, mabuku alowe, zitseko zitsekeke. Mwayeza n'komwe ikatsika bwanji popanda chisoti?

Wophunzira: A WaSowo, bledi yothothoka mano awiri amatha kuikonza kapena n'kutaya? Yathu ikuwotcha thabwa podula.

WaSowo: Kuwotchako mwina ndi utomoni wamata pa mano, itsukeni kaye. Ndi ya mano angati, ndipo mukudulira motsata mizere kapena mopingasa?