Netiweki yafa ku Msasa, MAC ikungodumphadumpha

Wa ku Mufakose: Akuluakulu, ndithandizeni. Ndili kwa kasitomala ku Msasa, netiweki yafa kuyambira m'mawa. Maswichi atatu a Cisco, timagetsi tonse tikuphethira limodzi, log ya swichi yadzaza ndi MAC flapping, kutanthauza kuti adiresi ya chipangizo chimodzi (MAC) ikungodumpha kuchoka pa poti ina kupita pa ina. Ndikazimitsa n'kuyatsanso, zimayenda kamphindi kenako zii.

Wa ku Highfield: Imeneyo ndi loop achimwene, data ikungozungulira m'maswichi, rauta musaivutitse. Frame (kaphukusi ka data) ya Ethernet ilibe TTL, malire oti ifere panjira, ndiye broadcast, yopita kwa onse, ikapeza njira yozungulira imangozungulira mpaka swichi itatopa. Onani mapoti amene akutchulidwa mu log, muzule chingwe chimodzichimodzi.

Wa ku Mufakose: Ndaipeza! Pansi pa desiki pali kaswichi ka mapoti 8, wina analowetsa mbali zonse ziwiri za chingwe chimodzi. Koma chikundizunguza mutu n'chakuti spanning tree, imene ntchito yake ndi kutseka ma loop, ndi yoyatsa. Yalekeranji kutseka?

Mayi wa ku Eastlea: Tiwonetseni config ya poti ya Cisco imene kaswichiko kalumikizidwapo.

Wa ku Mufakose: Pali portfast (yotsegula poti mosadikira) ndi bpdufilter enable.

Mayi wa ku Eastlea: Vuto ndi limenelo bambo. Bpdufilter ikaikidwa pa poti, swichi situmiza BPDU, timauthenga ta spanning tree, ndipo ngakhale zibwere siziwerenga, ndiye pamenepo spanning tree yatsekedwa maso. Zimandiwawa chifukwa ambiri amaisokoneza ndi bpduguard poona kuti mayina akufanana. Chotsani bpdufilter, muike bpduguard pa mapoti onse a makompyuta ndi maprinta. BPDU ikangobwerera, poti imagwa err-disabled, kutanthauza kuti imadzitseka yokha, ofesi imodzi n'kuvutika yokha m'malo mwa kampani yonse.

Wa ku Highfield: Muonenso root, swichi yotsogolera spanning tree. Priority ikasiyidwa pa 32768 paliponse, imapambana swichi ya MAC yotsikitsitsa, ndipo kawirikawiri imakhala nkhalamba ya kustolo. Swichi ya pakati ipatseni 4096, yachiwiri 8192, chifukwa priority yotsika ndiyo imapambana. Ngati mukadali pa pvst wamba, mtundu wakale wa spanning tree, sinthani mupite pa rapid-pvst. Yakaleyo imadya masekondi 30 mpaka 50 njira isanatseguke.

Mayi wa ku Eastlea: Kusinthako dikirani anthu aweruke, kumadula netiweki pang'ono. Ndipo musaiwale write memory, yosunga zimene mwasintha. Magetsi athu mukuwadziwa, akathima n'kubwera mupeza zonse zabwerera mwakale.

Wa ku Mufakose: Ndachotsa bpdufilter n'kuika bpduguard. Ndayesa dala kubwezera chingwe chija, poti yagwa pompo, ena onse akugwira ntchito. Root inalidi kustolo, ndiisamutsa 5 koloko. Zikomo kwambiri mayi, nanunso achimwene.