Ndithandizeni kusankha tochi yolimba, ndatopa ndi kutaya ndalama

Mayi wa ku Chibavi:
Moni nonse a pagulu pano, akuluakulu ndi achinyamata omwe. Nkhani yomwe ndabwera nayo ena aiona ngati yaing'ono, koma ine yandisowetsa mtendere. Kuyambira mu Januwale ndagula matochi atatu, ndipo pamene ndikulemba pano palibe ngakhale imodzi yomwe ikuyaka bwino. Yoyamba inali ya pulasitiki, ija yokhala ndi timano tiwiri kumbuyo tolowetsa pa soketi potchaja. Inawala bwino masabata ochepa, kenako kuwala kwake kunayamba kufiira ngati khala la moto lomwe likuzima. Yachiwiri anabwereka mlamu wanga pamene kunali maliro ku Mchengautuwa, ndipo anadzaibweza galasi litang'aluka, osanena ngakhale mawu oti pepani. Mlamu yemweyu ndi amene anatenganso ambulera yanga chaka chatha, koma bambo a kunyumba amangoti ndisamadandaule chifukwa ndi m'bale wathu. Yachitatu ndinagula kwa mnyamata wina woyenda nazo m'manja pafupi ndi depoti, yemwe analumbira kuti ndi yachitsulo chenicheni. Inagwa kamodzi kokha pa sitepe ya pakhonde, sitepe yomwe eni nyumba akhala akulonjeza kukonza chilowereni ife m'nyumbayi, ngakhale lendi ndiye sachedwa kukweza, ndipo kuyambira tsiku limenelo imayaka pokhapokha ndikaimenya pachikhatho. Chonde ndithandizeni: tochi yolimba koma yosadula mopitirira muyeso ndingaizindikire bwanji, ndipo mu Mzuzu muno ndikaipeze kuti?

Mmisiri wa ku Luwinga:
Amama, ine ndakhala ndikukonza mafoni ndi mawailesi kwa zaka zambiri, ndipo matochi onga anuwo ndatsegula osawerengeka, choncho mundimvere bwino. Tochi si chikopa chake chakunja ayi, tochi ndi batire. Yanu yoyamba ija mkati mwake muli kabatire ka mtovu ndi asidi, ka mtundu wofanana ndi batire la galimoto koma kakang'ono, ka mavoti 4. Batire lotere likatha moto n'kukhala masiku angapo osatchajidwa limawonongeka mkati, ndipo silibwereranso mwakale ngakhale mutalitchaja usiku wonse. Gulani tochi ya aluminiyamu, ya babu la LED, yomwe imatseguka kumbuyo n'kulowa batire limodzi la lithium lotchedwa 18650. Dzinalo likuchokera pa kukula kwake, mamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali, ndipo limapereka mavoti 3.7. Ubwino wake ndi wakuti batire likatopa mumangogula lina, tochi n'kupitiriza ntchito. Chilichonse chomwe ena akuuzeni pano chosiyana ndi ichi, dziwani kuti akukubwezerani komwe mwachokera.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Katoto:
Amisiri, mwayamba ndi kutseka pakamwa anzanu tisanayankhule n'komwe, ndipo umenewo si ulemu. Ine tochi yanga ndi yachitsulo, yolowa mabatire aakulu awiri, ndinaigula ndidakali pa ntchito ku Rumphi ndipo mpaka lero ikuyaka. Chomwe ndinasintha ndi babu basi. Mabatire ake ali pa okala iliyonse, kuyambira mu tauni muno mpaka kumudzi kwenikweni, ndipo magetsi akazima masiku awiri ine sindidandaula za kutchaja. Chinsinsi chake n'chakuti mabatire akafooka muziwachotsa msanga, chifukwa akakhalitsa mkati amatuluka madzi oyera aja omwe amadya sipuling'i ndi kuchititsa dzimbiri. Mwanawe wa ku Chibavi, zinthu zamakono zili ndi malo ake, koma zakale sizinakhalitse pachabe.

Mmisiri wa ku Luwinga:
Aphunzitsi, ndimakulemekezani ngati bambo anga, koma tawerengerani ndalama zomwe mwapereka pa okala pogula mabatire zaka zonsezi. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chinakwera mtengo, ndipo mabatire otaya akatha ndi katundu wakunja yemwe mumagula mobwerezabwereza. Batire limodzi labwino la 18650 limatchajidwa kambirimbiri, maulendo mazana angapo, lisanatope. Inu mukulangiza mayi yemwe akudandaula za kutaya ndalama kuti azitaya ndalama sabata iliyonse.

NyaZolozolo:
Ine za mabatire ndisiyira abambowa. Achemwali, vuto lanu lalikulu si tochi, ndi mlamu wanuyo. Munthu wobwereka chinthu n'kuchibweza chowonongeka, osapepesa, sayenera kubwerekedwanso kanthu, ndipo bambo a kunyumba kwanu akuyenera kumuuza mchimwene wawo maso ndi maso. Ine wanga anatenga mbaula yanga yatsopano kupita nayo ku chinkhoswe ku Chiputula, ndipo mpaka lero ndimaiona pakhonde pake ndikamadutsa. Mukagula tochi ina muziisunga kuchipinda, ndipo wobwereka muzimuuza kuti inatha moto.

Namwino wa Usiku:
Amayi, musanagule chilichonse, tatiuzani kaye kuti tochiyo mukufuna muziigwiritsa ntchito yanji, mwakonza ndalama zingati, komanso ngati m'nyumba mwanu muli magetsi. Tochi younikira m'nyumba pophika ndi yosiyana ndi yoyendera mumsewu kukugwa mvula, ndipo popanda kudziwa zimenezi tonse tikungoponya mwala mumdima.

Mnyamata wa Sacramento (kabaza wa njinga):
Amama, foni yomwe mwalembera uthengawu ili ndi tochi kumbuyo kwake, ndipo imeneyo mlamu wanu sangaibwereke kupita nayo ku maliro masabata awiri. Vuto lanu latha popanda kulipira ngakhale tambala.

Mlonda wa ku Chibanja:
Achimwene a njinga, musaseke ndi nkhani ya mdima. Mnzanga wina ankaunikira ndi foni pobwerera kunyumba cha ku Masasa, anyamata awiri anangomutsomphola foniyo m'manja n'kuthawira kudambo, ndipo tsiku limenelo anataya tochi, foni ndi ndalama zomwe zinali m'foni nthawi imodzi. Ine ndagwira ntchito ya ulonda kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo chomwe chimapha matochi kuno ndi chinyontho. Mvula ya ku Mzuzu imapitirira mpaka mu Epulo ngakhale Meyi pamene anzathu a ku Lilongwe anaiwala kale, ndipo ikatha kumabwera mawawa ndi chifunga cha mu Juni ndi Julayi. Ndinagulapo tochi ija yokoka kumutu kuti kuwala kufupike kapena kutalike, ndipo ndinaikonda kwambiri chifukwa inkafika mpaka kumpanda wa kuseri. Sindinadziwe kuti pokoka mutuwo imapuma mpweya wonyowa kulowetsa mkati. Usiku wina galasi linachita nthunzi, batani linayamba kukanika, ndipo inazima pa nthawi yomwe agalu ankauwa kumpanda. Abwana anandidula malipiro mwezi umenewo chifukwa cha mapaipi omwe anabedwa.

Mmisiri wa ku Luwinga:
Alonda anena zoona pa za mutu wokoka, koma sanafotokoze chomwe muyenera kuyang'ana, choncho ndimalize ndine. Mukatsegula kumbuyo kwa tochi, pa mazinga opotokola paja pazikhala kamphira kozungulira, chifukwa kameneko ndi komwe kamatchinga madzi. Pa bokosi pakalembedwa IPX4 ndiye kuti imapirira madzi owaza ngati mvula, ndipo IPX7 ndiye kuti ikhoza kumira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. Koma ndikuchenjezeni, zolemba pa bokosi aliyense akhoza kusindikiza. Mudzaona batire la 18650 lolembedwa 9900 mAh (mAh ndi muyeso wa moto womwe batire limasunga), pamene mabatire enieni a kukula kumeneku, opangidwa ndi makampani odziwika monga Panasonic, Samsung ndi LG, amalekezera cha pa 3500 mAh. Lenileni limalemera pafupifupi magalamu 45, ndipo labodza mukalinyamula mumamva kupepuka ngati bango. Chimodzimodzi ndi malumeni, womwe ndi muyeso wa kuwala: katochi kolowa m'thumba kolembedwa malumeni 100,000 kakunama poyera. Poyenda pansi usiku malumeni 100 kufika 300 ndi okwanira, ndipo tochi yabwino imakhala ndi kuwala kochepa kosungira batire kuwonjezera pa kowala kwambiri.

Mayi wa Sola wa ku Lupaso:
Ndikudabwa kuti anthu onsewa palibe watchula dzuwa, lomwe Mulungu anatipatsa kwaulere. Ine ndinasiya matochi nditagula nyale ya sola ya Sun King, ana amawerengera homuweki, imakhala ndi chogwirira choyenda nayo kupita kuchimbudzi, ndipo mtundu wake waukulu umatchajanso foni. Ziliponso za d.light. Masana ndimangoika kambale kake padenga basi.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Katoto:
Amayi a ku Lupaso, nyale ya sola ndi yabwino patebulo, koma kuwala kwake kumamwazikana, sikuponya patali kuti muone chomwe chili kutsogolo panjira. Komanso m'nyengo yachisanu kuno dzuwa limabisala masiku atatu otsatizana. Ndipo inu amisiri, popeza mwatiuza nokha kuti msika wadzaza ndi mabatire abodza, mayiyu alidziwa bwanji lenileni? Kodi azipita ku Taifa Market atanyamula sikelo?

Mmisiri wa ku Luwinga:
Aphunzitsi, sikelo ili pa shopu iliyonse yogulitsa zinthu zoyeza, ndipo wogulitsa wokhulupirika sakana kuti katundu wake ayesedwe. Ndiponso mabatire enieni amapezeka m'mabatire akale a laputopu, omwe ife amisiri timaphwasula n'kuyeza limodzilimodzi ndi mita. Ine nditha kuwonetsa aliyense wofuna kuona.

Namwino wa Usiku:
Amisiri, pamenepo pokha ndikutsutsani, chifukwa ndaonapo mabala a moto ochokera ku mabatire amenewa. Batire la lithium lomwe chikopa chake cha pulasitiki chang'ambika, likakhudzana ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo m'chikwama, limatentha ndipo likhoza kuyaka. M'nyumba ya ana aang'ono, mabatire ophwasula m'malaputopu si oti tizilimbikitsa. Kwa amene safuna za lithium, alipo matochi a LED olowa mabatire aang'ono a AA, omwe mukhoza kuikamo otchaja a NiMH, ndipo akakutherani muli kutali mumagula wamba pa okala. Ine ndi yotere yomwe ndimayenda nayo pochokera ku ntchito. Koma funso langa lija silinayankhidwebe.

Mmisiri wa ku Luwinga:
Anamwino, mpeni nawonso umacheka, koma sitinasiye kusenda mbatata. Batire long'ambika chikopa ine sindigulitsa, ndipo alipo a 18650 okhala ndi kachipangizo koteteza kumutu kwake. Ndikubwerezanso kuti tochi ya AA siingafanane mphamvu ndi ya 18650.

Mayi wa ku Chibavi:
Zikomo nonse, ndipo pepani anamwino, ndinali ku msika. Ine ndimagulitsa tomato ndi masamba, ndiye ndimadzuka cha m'ma 4 koloko m'mawa kupita kukapikula ku Zigwagwa, dengu pamutu, kudutsa njira yamatope ija ya kumunsi kwa Chibavi. M'nyumba yomwe tikukhala mulibe magetsi, eni nyumba anangoika mawaya koma mita sinabwere, ndipo foni ndimatchajitsa kwa mnyamata wometa tsitsi pamsewu. Tochi yoyamba ija ndinkapita nayo komweko Loweruka lokha, ikatha moto pakati pa sabata inkangokhala pawindo. Za mlamu wanga ndamva, achemwali a ku Zolozolo, koma apongozi anga ndi omwe amamuikira kumbuyo.

Mmisiri wa ku Luwinga:
Mwaona, a pagulu? Ndinanena poyamba pomwe kuti batire la mtovu likakhala lopanda moto limafa, ndipo mayiwa atsimikiza okha. Gulani ya 18650 yotchajira pa chingwe cha USB chofanana ndi cha foni yanu, muzitchajitsa zonse pamodzi kwa wometayo, ndipo mukhale ndi batire lachiwiri losinthira.

Mlonda wa ku Chibanja:
Amama, ngati dzanja limodzi limagwira dengu ndipo pansi ndi poterera, ganiziraninso za tochi yomanga pachipumi, kapena ya m'manja yokhala ndi kachingwe kokoleka padzanja kuti mukaterereka isagwe. Pogula, iyatseni pomwepo, muigwedeze mwamphamvu ndi kuimenya pang'ono pachikhatho. Ikaphethira, isiyeni, chifukwa ndi matenda omwe anagwira yanu yachitatu ija. Dinani batani kakhumi konse muone ngati likuyankha nthawi iliyonse. Gulani mu shopu yokhazikika yomwe ikupatseni lisiti, osati kwa munthu yemwe mawa simudzamupeza.

Mphunzitsi Wopuma wa ku Katoto:
Dengu likakhala pamutu, tochi ya pachipumi ikhala pati, alonda, pamene pali kale nkhata? Mwanawe, nyumba yopanda magetsi ndiyo yofunika tochi ya mabatire a pa okala, monga ndinanenera m'mawa uja.

Mayi wa ku Chibavi:
Adada aphunzitsi, nkhata imakhala pamwamba pa mutu, pachipumi pamakhala duku lokha, ndiye mwina ikhoza kukwana. Koma wometa uja amalipiritsa chinthu chilichonse payekhapayekha, foni mtengo wake, tochi mtengo wake. Amisiri, batire lanulo likadzaza lingandifikitse masiku angati ngati ndikuyenda nayo mphindi 40 m'mawa uliwonse, pa kuwala kochepa kuja mwanena?