Ma switch a Meraki akudandaula za DNS magetsi akangobwera

wamawaya:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndimayang'anira netiweki ya ofesi ina ku Lilongwe: zida za Meraki, MX imodzi (router yomwenso ndi firewall), ma switch a MS awiri ndi ma access point a MR. Ma switch ndinawapatsa static IP, ndipo pa DNS (kofunsa IP ya dzina la seva kapena webusaiti) ndinalembapo seva yathu ya Windows, yomwenso ndi domain controller (yosunga ma account ndi maina a makompyuta a mu ofesi). Magetsi akazima n'kubweranso, ma switch amadzuka msanga koma seva imachedwa, mwinanso mpaka munthu akaidine batani. Nthawi yonseyo pa dashboard (tsamba la Meraki la pa intaneti loyang'anira zida) ma switch amakhala achikasu, ati "DNS is misconfigured". Chonsecho a pa Wi-Fi ya alendo ali pa WhatsApp bwinobwino. Kodi ndingoika 8.8.8.8 (DNS ya Google) paliponse nkhani ithe?

nyali_yobiriwira:
Paliponse ayi achimwene, mudzalira Lolemba m'mawa. Apa pali ma DNS awiri osiyana. Yoyamba ndi ya switch yeniyeniyo, yomwe imafunsako dzina la maseva a Meraki kuti ilankhule ndi dashboard. Switch ilibe nayo ntchito domain yanu. Imeneyo ipatseni 8.8.8.8 ndi 8.8.4.4 za Google, kapena za Umbrella ya Cisco, 208.67.222.222 ndi 208.67.220.220. Mumasintha pa tsamba la switch iliyonse, pomwe palembedwa LAN IP.

Yachiwiri ndi yomwe MX imagawira makompyuta kudzera pa DHCP (njira yogawira ma IP yokha). Pa VLAN (chigawo cha netiweki) ya ogwira ntchito siyani domain controller, pa "Specify nameservers". Ndipo musakopeke kuikapo 8.8.8.8 ngati yachiwiri. Ambiri amaganiza kuti Windows ikasowa dzina kwina ikafunsa kwinako. Sizitero. Google ikayankha kuti dzina la seva yanu ya mafayilo kulibe, kompyuta imalandira yankho limenelo n'kukhala chete. Mudzangomva a ku akaunti akukuwa kuti shared drive yasowa, pomwe wa desiki yoyandikana nayo zikumuyendera. Ngati mukufuna yachiwiri ya ogwira ntchito, ikhale domain controller inanso.

Alendo aja zikuwayendera chifukwa VLAN yawo siidalira seva yanuyo, ndipo switch siileka kudutsitsa data ngakhale itasemphana ndi cloud. Chimene mumataya ndi mphamvu yoisintha muli kutali.

mai_wa_ma_seva:
Ndiwonjezepo pang'ono. Musanasinthe, onani ngati firewall ikulola port 53 ya DNS, UDP ndi TCP yomwe, kuchokera ku VLAN ya management (yomwe ma switch ali) kupita kunja. Ena amatseka dala kuti aliyense azidutsira pa seva ya mkati. Zina zonse zofunika kutsegula zili pa Help, kenako Firewall info. Yambani ndi switch imodzi. Ikakana kubwerera, lumikizani laputopu pa switch yomweyo, tsegulani switch.meraki.com, mukonzere pamenepo.

Koma ine chandidetsa nkhawa ndi seva yodikira chala cha munthu. Lowani mu BIOS (ma setting oyambira a seva), muiuze kuti izidziyatsa yokha magetsi akabwera. Batire la UPS (chosunga magetsi akazima) nalo mwaliyesa liti?

wamawaya:
Zikomo kwambiri nonse. Port 53 inalidi yotseka pa management, ndaitsegulira ma IP awiri a Google okha. Switch ya kumtunda yabiriwira, inayo ndisintha anthu akaweruka. Za UPS musandifunse mayi, quotation ili pa tebulo la abwana chiyambire mvula. Nanga ma MR, poti amatenga IP pa DHCP ya VLAN ya management, ndingosintha pa MX pomwepo?

nyali_yobiriwira:
Eya, pa VLAN imeneyo sankhani "Use Google Public DNS". Adzaitenga akamapemphanso IP pa DHCP, kapena achiteni reboot usiku.